Chimphongo cha nthambi khumi chomwe ndinagwetsa ku Indiana

Lamulo lomwe limasowetsa tulo alenje a ku Indiana, chigawo cha dziko la America, ndi lalifupi: munthu mmodzi, mbawala yamphongo imodzi pa chaka. Linayamba mu 2002. Zazikazi ukhoza kuwonjezera ngati wagula ziphaso zake, koma ya nyanga ukangoigwetsa, basi, wako watha, ngakhale mawa lake pabwere chimphongo cha nyanga zosalowa pakhomo. Ndipo kwa a boma, mphongo ndi iliyonse yomwe nyanga yake imodzi yafika mainchesi 3. Ndiye mlenje akakhala pansanja ya mumtengo, nyama itaima patsogolo pake, nkhondo yeniyeni imakhala m'mutu: ndiwombe kapena ndiisiye ipite?

Ine ulenje anandiphunzitsa ndi alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba, amene anakhalitsa ku South Bend, mzinda wa ku Indiana komweko. Timasaka m'munda mwa mdala wina wachizungu, mlimi wa chimanga ndi soya, chakumwera kwa mzindawu. Nyengo ya mfuti imatsegulidwa Loweruka loyamba pakadutsa pa 11 November, nthawi imene mbawala za whitetail, mtundu wa mchira woyera kunsi, zili pachiswe, chifukwa mphongo zimakhala zikuthamangitsa zazikazi usana ndi usiku, nzeru zitachoka.

Alamu amati nyanga zimanama, thupi silinama. Nyanga zimagwa chaka chilichonse nthawi ya chisanu n'kumera zina, ndipo kukula kwake kumadalira chakudya ndi mtundu, osati zaka zokha. Zaka umaziona chonchi. Ya chaka chimodzi ndi theka imakhala ndi miyendo yaitali, khosi lowonda, mimba yokwera; ukabisa nyangazo ndi chala ungati ndi yaikazi. Ya zaka ziwiri ndi theka thupi layamba kudzaza, koma matako akadali olemera kuposa chifuwa. Ya zaka zitatu ndi theka chifuwa chazama, khosi latupa, koma malire a khosi ndi phewa akuonekabe. Ikafika zinayi ndi theka kupita m'tsogolo, khosi limalowerera m'chifuwa popanda malire, mimba imatsika kufanana ndi chifuwa, miyendo imaoneka yaifupi, ndipo ubweya wa mkati mwa mawondo akumbuyo umada bii chifukwa imakodzerapo. Ukatha zonsezo ndiye uyang'ane nyanga: mbawala ikatchera makutu, kuchokera nsonga ya khutu lina kufika linalo ndi mainchesi 15 kapena 16, choncho nyanga zikapitirira makutu ndiye kuti ndi zotambasuka ndithu. Zonsezi uzichite m'masekondi ochepa, mtima ukugunda kukhosi.

Chomwe chinandiwononga ndi kamera. Alamu anamangirira kamera pamtengo pafupi ndi mtsinje, ndipo inajambula chimphongo cha nyanga za nthambi khumi, zisanu mbali iliyonse, chikudutsa pakati pa usiku. Chithunzicho ndinachiika pafoni. Kuntchito ndinkachiyang'ana, kutchalitchi ndinkachisuzumira.

Mmawa wa tsiku lotsegulira, dzuwa litangotuluka, panabwera mphongo ya nthambi zisanu ndi zitatu. Inaima mamita 50, yopingasa, mwendo wakutsogolo utaponda patsogolo, nthiti zonse zili poyera. Mphepo inkachokera kwa iyo kubwera kwa ine, kuseri kwake kunali chitunda cha dothi. Mlenje angapemphenso chiyani? Koma ine ndinayamba ukatswiri. Khosi lili ndi malire, matako ndi olemera, nyanga zangofika m'makutu: zaka ziwiri ndi theka. Ndinatsitsa mfuti, n'kuiuza mumtima kuti pita ukakule mwanawe, tidzaonana chaka chamawa. Inadumpha waya wa malire, ndipo pasanathe mphindi zisanu ndinamva phuu! kumunda kwa aneba. Inakulira m'firiji mwawo.

Pano ndinene maganizo anga. Kusiya mphongo yaing'ono kumapindula ngati malo ndi aakulu, kapena ngati alenje a minda yoyandikana mwagwirizana. Mphongo nthawi imeneyi imayenda makilomita angapo pa tsiku ndipo sidziwa malire. Komanso munthu amene ukufuna ndiwo, ya zaka ziwiri ndi theka ndiye yabwino: nyama yofewa, yopanda fungo la tonde, makilogalamu 20 kapena kuposerapo ukachotsa mafupa. Chimphongo chokalamba cha mu November chimafuna mano ndi adyo wambiri. Nditawafotokozera alamu, anangopukusa mutu. "Alamu, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kunyumba mlongo wanga akudya chithunzi?"

Kuyambira pamenepo nkhalango inati zii. Mfuti zikalira kwa masiku angapo, mphongo zikuluzikulu zimabisala m'zitsamba zowirira, kutuluka kwake usiku basi. Ndinkangoona agologolo, amene poyenda pamasamba ouma amachita phokoso kuposa mbawala yeniyeni.

Nyengo ili pafupi kutsekedwa, alamu anati tisinthe malo. Mdzukulu wa mdala uja, mnyamata wosaka ndi uta, anali ndi nsanja yake kuseri kwa nkhokwe, m'mphepete mwa munda wa chimanga chokolola kale, ndipo anali atabwerera kusukulu. Ndinali ndisanafikeko. Ndinalowa kuli mdima wa ndiweyani, chipewa ndi chovala cha olenji zili m'thupi monga mwa lamulo. Ndinakwera mamita asanu, n'kumanga lamba wachitetezo kumtengo, kenako n'kukoka mfuti yanga ya .308 ndi chingwe, ilibe chipolopolo. Zonse mwadongosolo. Kuwomba kumaloledwa kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke, ndiye ndinakhala ndikuyang'ana wotchi, zala zitauma gwa.

Nthawi itangokwana, kukuyera pang'ono, ndinachiona. Mamita 40, m'mphepete mwa tchire, udzu utabisa ziboda. Chopingasa bwinobwino, mutu uli m'mwamba.

Miyendo yanga inayamba kuvina yokha, nsanja n'kumalira. Komabe maphunziro sanandichoke. Khosi: lalowerera m'chifuwa, palibe malire. Miyendo: yaifupi. Nyanga: zapitirira makutu, zisanu uku, zisanu uku, zofanana ndendende. Zaka zinayi ndi theka, mwina zisanu. Pamsana pake panali chisanu choyera mbee, ndipo ndinadzitamanda kuti ndikudziwa chifukwa chake: ubweya wa mbawala wa nyengo yozizira ndi wamphako mkati, sutulutsa kutentha, ndiye chisanu chimagona pamsana osasungunuka. Zimenezo n'zoona. Sichinkasuntha, ndipo apanso yankho ndinali nalo: mphongo yokalamba ikakayikira chinachake imaima chilili kwa nthawi yaitali, ikumvetsera. Zimenezonso n'zoona. Bainokyula inali pakhosi, koma ndinaopa kuti ndikaikweza chindiona. Pokweza mfuti ndinapumira pagalasi la sikopu, choyang'aniramo poloza mfuti, likachita nthunzi, ndikapukuta ndi chala cha gulovu, zinthu n'kumaoneka mwa apo ndi apo.

Polasa mbawala yopingasa ndi apa: utsate mwendo wakutsogolo kukwera, uime pa gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi, kuseri pang'ono kwa phewa. Pamenepo pali mtima ndi mapapo, malo aakulu ngati mbale ya nsima. Ukakhala pamwamba uloze mokwererako pang'ono, kuti chipolopolo potsika chidutse mapapo onse awiri. Ndinayang'ana kuseri kwake, dothi lokhalokha la munda. Ndinachitanso "mee" ndi pakamwa, kulira kumene alenje amaimitsira mbawala yoyenda, ngakhale iyi inali itaima kale. Ndinachotsa loko, kupuma, kufinya.

Phuu!

Mbawala yolasidwa pamtima imadumpha n'kuponya miyendo yakumbuyo. Yolasidwa m'mimba imapinda msana n'kuyenda mozyolika. Yophonyedwa imakweza mchira woyera uja n'kuliyatsa liwiro. Iyi sinachite chilichonse mwa zitatuzi. Inangoima, ikuyang'ana kutsogolo mwaulemu wake. Ndinati kukhwima kumeneku ndiye kwachifikitsa zaka zisanu. Ndinakoka chitsulo, kulowetsa chipolopolo china, ndipo ulendo uno ndinaloza pamwamba pa phewa, pomwe chipolopolo chimaswa mafupa n'kugwedeza msana, nyama n'kugwera pomwepo. Kumawononga nyama ya mapewa, koma sikufuna kulondola magazi.

Phuu! Chinapendekeka pang'onopang'ono, n'kugwa chammbali m'udzu, miyendo ili nga. Kunangotsala nsonga za nyanga zikuoneka.

Ukawomba sutsika msanga. Ngati walasa mapapo udikire theka la ola. Chiwindi, maola anayi. M'mimba, maola asanu ndi atatu kapena kuposa, chifukwa ukaidzidzimutsa isanafe imathawa mtunda wautali ndipo sudzaipeza. Ine ndinadikira theka la ola, ndipo m'theka la ola limenelo ndi momwe munalowa satana, kudzera pa WhatsApp. Ndinalembera alamu: "Chagwa. Nthambi khumi. Bweretsani ngolo." Ndinalembera mayi a kunyumba: "Konzani malo m'firiji." Iwo anayankha kuti, "Ambuye alemekezeke, bambo a ana," ndipo nthawi yomweyo uthenga unafika pagulu la Amalawi a kutchalitchi kwathu, kuti Lamulungu tikaweruka aliyense abwere ndi ufa wake, ndiwo zilipo.

Nditatsika ndinayamba ndi pomwe chinaima, kufuna magazi. Magazi ofiirira motuwa, a thovu, ndi a mapapo. Ofiira moderako ndi a chiwindi. Obiriwira onunkha ndi a m'mimba. Panalibe ngakhale dontho, ngakhale ubweya. Panali tizidutswa tachikasu tofewa, ndipo ndinaganiza kuti ndi mafuta, nyama yonona. Ndinachizungulira kumbuyo, kumsana, kutali ndi ziboda, mfuti ili chire. Mbawala yakufa maso amakhala otsegula. Ikatsinzina ndiye kuti ikadali moyo. Maso anali otsegula bwino kwambiri. Ndinatola kamtengo n'kugwaza diso kuti ndione ngati liphethira. Linalira kuti go.

Ndinagwira nyanga kuti nditembenuze mutu, nyangayo n'kutsala m'manja mwanga. Kumunsi kwake kunali kachitsulo kolowetsera pabowo. Mphongo yotere imalemera makilogalamu 80 kapena kuposa atachotsa zam'kati; iyi ndinaidzutsa ndi dzanja limodzi. Chinali chidole cha siponji yolimba, chandamale chimene mnyamata uja ankayeserapo mivi ali pansanja yake, chozikidwa ndi zitsulo ziwiri m'miyendo. Pachifuwa panali mizere yozungulira yosonyeza mtima ndi mapapo, ndi mabowo a mivi osawerengeka. Chipolopolo choyamba chinangodutsa m'siponjimo, n'chifukwa chake sichinagwedezeke. Chachiwiri chinaphwanya polumikizira phewa, chitsulo chakutsogolo n'kuzuka.

Chamoyo chimadziwika ndi tinthu titatu tomwe sindinatiyang'ane n'komwe: khutu limatembenuka lokha kutsata phokoso, mchira umagwedera, ndipo kukazizira chotero mphuno imatulutsa nthunzi. Masekondi khumi a bainokyula akanakwana. Ndipo zikanatha kuipa, chifukwa alenje ena amaika zidole zotere dala kuti akope mphongo, iwo atabisala chapafupi pomwepo.

Ndili chiimire ndi nyanga m'manja, ndinamva injini. Alamu anatulukira pa kanjinga ka matayala anayi, ngolo ili kumbuyo, mdala mwini munda atakwera nawo, mipeni ndi chingwe zili m'manja. Anazimitsa injini. Anayang'ana chidole, anayang'ana ine, anayang'ananso chidole. Mdala uja anagwada, n'kulowetsa chala pabowo loyamba, lomwe linali pakati penipeni pa mzere wa mtima, ndipo ananena mosaseka kuti mdzukulu wake chaka chonse sanalasepo bwino chotere. Kenako anatchula mtengo wa chatsopano, madola oposa 100. Alamu anali atakhala pansi m'mapesi, misozi ili chuchuchu, mawu osatuluka. Atapeza mpweya anati, "Alamu, musadandaule. Nyama yogwa imayenera kulembetsedwa kuboma pasanathe maola 48, koma iyi ndikuganiza atikhululukira. Chiphaso chanu chikadali chamoyo."

Chinakhaladi chamoyo mpaka nyengo inatsekedwa, osaonanso ngakhale mchira.

Uthenga wa pagulu uja sunabwezeke, anthu anali atayankha kale ndi zithunzi za manja opemphera. Loweruka madzulo ndinapita kushopu ya nyama ya halal kukagula mbuzi yathunthu, ndipo mayi a kunyumba, amene sanandilankhule njira yonse, anaiphika ndi tomato, anyezi ndi tsabola wa kambuzi. Ndinawapempha alamu kuti nkhaniyi ithere m'banja, iwo n'kuvomera ndi nkhope ya mkulu wa mpingo.

Lamulungu nyumba inadzaza. Anthu anadya, ena n'kumati nyama ya m'tchire imasiyana ndithu ndi ya m'shopu, ikumveka fungo la masamba. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Mbale zikuchotsedwa, abusa anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Koma bambo, nthambi khumi zija sitizionako?"

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anali ataimirira kale, makiyi a galimoto ali m'manja. "Zili m'buti, abusa. Ndibweretse zonse ziwiri, kapena ndibwere ndi mutu womwe muzilowetse nokha?"