Tayala lakumbuyo limayamba kutha pakati

Tsiku limenelo kunali kutawaza kamvula. Ndikukhota pang'onopang'ono pamsewu wa tala, ndinamva kumbuyo kwa njinga yanga yamoto kukuterera, mtima n'kugunda kwambiri. Sindinagwe, koma nditangofika ndinaimika njinga pa sitandi yapakati, ndinagwada kumbuyo kwake n'kuyamba kuzunguza tayala ndi dzanja. M'mbali mizere inali yakuya ngati ya tayala latsopano. Pakati, pamene pamaponda pansi nthawi zonse, panali patasalala, ndipo tayalalo linali litaphwatalala. Njinga ikakhala chiimire iwe n'kumaiona cham'mbali, zimenezi sizioneka. Mpaka ugwade.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene njinga inkakhalira ngati ikukana kukhota, kenako n'kugwera mwadzidzidzi mbali imodzi. Tayala la njinga yamoto amalipanga lobulungira dala kuti uzipendekera bwinobwino. Likadyeka pakati pamabadwa timizere tiwiri takuthwa uku ndi uku, ndipo nthawi iliyonse ukapendekera umayamba wakwera pamenepo.

Lakumbuyo kutha msanga kuposa lakutsogolo si chachilendo. Mphamvu yonse ya injini imadzera m'tcheni n'kukathera pa ilo. Ukatsitsa giya kuti uchepetse liwiro, ndilonso limagwira msewu. Wokwera kumbuyo ndi katundu amakhala pamwamba pake. Ambiri amasintha lakumbuyo kawiri lakutsogolo likadali lomwelo.

Ndisanataye tayala ndinafuna umboni woposa maso anga. M'mbali mwa tayala mumakhala zilembo zing'onozing'ono zoti TWI, kapena kachizindikiro ka makona atatu. Ukatsata ndi chala kuchokera pamenepo kulowa mumzere, umagunda kachitunda kakang'ono pansi pa mzerewo. Pa matayala a njinga zamoto kachitundako kamakhala kokwera pafupifupi mamilimita 0.8, ndipo mphira ukadyeka mpaka kulingana nako, tayala latha. Langa linali litalingana m'malo atatu. Mizere imeneyi ndi yomwe imatulutsa madzi pansi pa tayala, ndiye kuterera kuja sikunali tsoka chabe.

Kenako ndinaika geji yoyezera mphepo pa valavu. Mphepo inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe yalembedwa pa kapepala komatidwa pachitsulo chogwira tayala lakumbuyo. Zinandiwawa, chifukwa miyezi yonseyi ndinkangofinya tayala ndi chala n'kunena kuti lili bwino. Tayala lochepa mphepo limapindika kwambiri likamazungulira, limatentha, ndipo mphira wotentha umadyeka msanga. Chala sichingakuuzeni zimenezi, pakuti mbali za tayala la njinga yamoto n'zolimba ngakhale mphepo itachepa.

Popita kukagula ndinalemba manambala onse a tayala lakale: 130/70-17 62H. Nambala 130 ndi kutambalala kwake kuchokera m'mbali mpaka m'mbali m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti msinkhu wa mbali yake ndi 70 peresenti ya 130 yo, ndipo 17 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Nambala 62 ikunena kuti limanyamula makilogalamu 265, pomwe H ikunena liwiro losapitirira makilomita 210 pa ola. Pali anthu amene amakonda kuika tayala lalikulupo kuti njinga izioneka yamphamvu. Ine sindigwirizana nazo. Tayala lalikulu pa limu yopapatiza limafinyika, kubulungira kwake kumasintha, ndipo mwina lingayambe kukhudza tcheni.

Chimene ndikufuna aliyense azichita asanapereke ndalama ndi kuwerenga tsiku limene tayala linapangidwa. Fufuzani zilembo zoti DOT m'mbali mwake, ndipo muone manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi chaka. Loyamba limene wogulitsa ananditulutsira linali lonyezimira, mizere yake yakuya, koma linalembedwa 0819, kutanthauza mlungu wa 8 m'chaka cha 2019. Linali litakhala pashelefu zaka zambiri. Mphira umauma ngakhale tayala lisanapondepo msewu, ndipo ukauma sugwira bwino pansi. Kampani yopanga matayala ya Michelin imalangiza kuti tayala likagwira ntchito zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 kuchokera pamene linapangidwa lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Ndinalibweza mwaulemu n'kupempha lina lopangidwa chaposachedwa.

Kuika tayala pa limu ndinasiyira amakaniko, koma sindinachoke pamalopo. Ndinaonetsetsa kuti kamuvi ka m'mbali mwa tayala kakuloza kumene gudumu limazungulira njinga ikamapita kutsogolo. Langa ndi lopanda chubu, choncho tinasintha valavu. Wa tayala la chubu asinthe chubu chomwe, chifukwa chakale chimakhala chitatanuka ndipo chimatha kupindika m'kati mwa tayala latsopano.

Pobwezera gudumu m'pamene ndinachedwa kwambiri, ndipo sindidandaula. Kumapeto kwa chitsulo chogwira gudumu, mbali zonse ziwiri, kuli timizere tosonyeza pamene ekiselo (chitsulo chimene gudumu limazungulirapo) yaima. Timizereti tiyenera kufanana kumanja ndi kumanzere. Tisanamasule, ndinaona kuti mbali imodzi inali patsogolo ndi kamzere kamodzi, kutanthauza kuti gudumu linkayenda mopotoka pang'ono, likukwecha msewu ndi kukoka tcheni cham'mbali. Tinalinganiza, tinasiya tcheni ili ndi mpata wolendewera monga buku la njingayo likunenera, kenako amakaniko anamanga nati ya ekiselo ndi sipanala yoyeza mphamvu. Ndisanalize injini anandiuza kuti, "Pondani buleki kaye, achimwene." Ndinaponda koyamba, phazi linangotsika osagwira kanthu. Kachitatu m'pamene buleki inalimba. Pochotsa gudumu mapadi a buleki amatalikirana, ndipo munthu akanyamuka osapopa buleki amadzazindikira ali kale pamsewu.

Makilomita 160 oyambirira ndinayenda modekha, osanyamuka mwaphuma, osaponda buleki mwadzidzidzi, ndipo pokhota ndinkawonjezera kupendekera pang'onopang'ono. Tayala latsopano limakhala loterera pamwamba mpaka msewu utalipala. Koma ngakhale ndikuyenda mosamala chonchi, kusiyana ndinakumva pa kona yoyamba: njinga inapendekera yokha, mofewa, ngati mmene inkachitira nditangoigula.

Tsopano geji imakhala m'thumba la jekete. Ndimayeza mlungu uliwonse m'mawa tayala lisanayende, chifukwa likatentha mphepo imakwera ndipo geji imaonetsa nambala yonamiza. Ndimatsata kapepala ka pa njinga, osati nambala yolembedwa pa tayala, pakuti imeneyo ndi ya pamene tayala lanyamula katundu wofika pamalire ake. Tsiku lonyamula munthu kapena katundu wolemera ndimawonjezera mphepo kufika pa nambala yachiwiri ya pakapepalapo. M'kabuku kanga ndinalemba tsiku losinthira tayala ndi makilomita amene mita inkaonetsa, ndipo pa makilomita 1,000 aliwonse ndimagwada kumbuyo kwa njinga n'kuyeza kuya kwa mzere wapakati. Ulendo wathawu ndinapeza kachitunda kaja kakadali pansi ndithu, ndipo msana wa tayala ukadali wobulungira.