Thumba la ku Latvia m'nazale ya alamu

Lachiwiri usiku, ku Dedza.

Ndimayenera kulemba za msonkhano wa kalabu yathu ya alimi, koma mtima wanga ukadali pa thumba limene ndaliona m'nazale ya alamu anga ku Bembeke. Chaka chino ayamba kufesa tomato ndi kabichi m'mathireyi kuti azigulitsa mbande kwa alimi a m'madimba, ndipo chimene akudzaza m'mathireyimo ndi peat, zomera zowolerana zimene zimakumbidwa m'madambo ozizira a ku Ulaya. Pathumbapo panalembedwa kuti Latvia.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, kodi dothi latha m'Dedza muno?" Iwo sanayankhe msanga. Anazula mbande imodzi ya kabichi n'kuiika m'dzanja langa, ndipo inatuluka yathunthu, mizu yoyera itakulunga kachibuma konse popanda ndi umodzi womwe woduka. Kenaka anati, "Alamu, mbewu ya haibulidi ndi yodula. Umu simumera udzu, ndipo mbande siziwola patsinde. Mundipezere china chochita zimenezi, ndisiya lero lomwe."

Ndinayamba kuwafotokozera zimene zimandivuta. Peat imakula pafupifupi milimita imodzi pachaka, kotero kuti kukumba mita imodzi ndi kuchotsa zimene zinaunjikana kwa zaka pafupifupi 1,000. Madambo amtunduwu ndi magawo atatu okha pa magawo 100 aliwonse a mtunda wa dziko lapansi, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa nkhalango zonse pamodzi, ndipo akawaumitsa kuti akumbe, kaboniyo amapita mumlengalenga n'kuwonjezera kusokonekera kwa nyengo kumene ife tomwe tikulira nako mvula ikadula mu Januwale. Eni akewo ayamba kale kubwerera m'mbuyo. Kampani ya boma ya ku Ireland, Bord na Móna, inalengeza mu 2021 kuti yasiya kukumba peat, ndipo mu 2022 boma la Britain linalengeza cholinga choletsa kuigulitsa kwa anthu olima maluwa ndi masamba pakhomo ku England. Alamu anangoti zimenezo ndikawauze azunguwo. Pamene ndinatchula kuti thumba lililonse limalowa m'dziko muno ndi madola amene akusowa ngakhale ogulira mafuta a galimoto, m'pamene anakhala chete pang'ono.

Chimene chikundipweteka kwenikweni n'chakuti tikukhala pakati pa mitengo ya paini. Ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza, makungwa ndi utuchi zimangounjikana pamene pali macheka, ndipo nthawi zambiri mulu umathera kufuka utsi. Makungwa a paini owoletsedwa bwino ndi amene nazale zambiri za ku South Africa ndi ku Zimbabwe zimagwiritsa ntchito, kuphatikizapo pofesa fodya m'mathireyi. Alamu anandidula mawu kuti utuchi anauyesa kale ndipo mbande zonse zinachita chikasu. Sanali kunama. Utuchi wauwisi umatero chifukwa tizilombo touwoletsa timalanda nayitirojeni yemwe mbande imafuna. Umayenera kusakanizidwa ndi zitosi za nkhuku, kuthiridwa madzi ndi kutembenuzidwa kwa miyezi ingapo mpaka utada ndi kusiya kutentha, kenaka n'kusefedwa. Mankhusu a mpunga a ku Bwanje nawonso, akawaukidwa mpaka kuda koma osafika posanduka phulusa, amapepula chosakanizacho ndipo amapititsa madzi ndi mpweya ku mizu. Zoumba za makoko a kokonati zimene ena akuzitama sindikuziwerengera kwambiri, popeza nazonso zimachokera kutali, makamaka ku India ndi ku Sri Lanka, ndipo zina zimafika ndi mchere wofunika kutsuka.

Tili m'kati mokangana, amayi awo a alamu, amene ankasankha nyemba pakhonde, analowererapo. Anati, "Mukuvutikiranji ana inu? Dothi lakuda lili mbwee kudambo, kakumbeni." Palibe amene anawatsutsa, ndipo ine ndinangoseka mwaulemu, koma mawuwo andikhala pamtima kuposa thumba lija. Dambo lathu ndi limene limasunga madzi amene timathirira nawo mu Okutobala, ndipo aliyense wa nazale atayamba kukumbako ndi ngolo, tidzakhala tikuchita kuno zomwezo zimene ndimawadzudzula nazo a ku Latvia.

Mwina chimene chandikwiyitsa n'chakuti mfundo ya alamu ndi yoona. Wa nazale amafuna kuti thumba la lero lifanane ndi la mwezi wamawa, pamene mulu wa kuseri kwa khola umatuluka mosiyana nthawi iliyonse. Pondiperekeza anati adzandipatsa mathireyi oyesera ndikadzabweretsa makungwa owola ndi osefa kale, koma mbande zikadzafa mbewu ndidzalipira ine. Sindinawayankhe, ndipo sindinafunsebe kuti matumba a mankhusu kuchokera ku Mtakataka angakwere phiri pa mtengo wanji.