Malikisi 121: momwe tinawolokera mayeso a vayolini a Giredi 6

Tsiku lomwe aphunzitsi ake anandiuza kuti mwana wanga sadziwa kuwerenga nyimbo, ndinaseka. Mtsikanayu anali atakhoza kale Giredi 5 pa vayolini, nyimbo ya kwaya iliyonse ankaigwira atangoimva kawiri, ndiye munthu adzandiuze kuti sawerenga? Aphunzitsiwo sanafune kulimbana nane. Anangosolola pepala lomwe mwanayo anali asanaliwonepo, mizere inayi yokha, n'kuliika patsogolo pake. Uta unanyamuka bwinobwino, koma pakati pa mzere wachiwiri unangoti zii, ngati minibasi yomwe yathera mafuta pachitunda.

"Amandibera ameneyu," anatero. "Ndikamuimbira kamodzi amasunga m'khutu. Maso amakhala papepala, koma sakuwerenga kanthu."

Mlandu unali wanga. Kwathu ku Zomba ndinatsogolera kwaya ya kumpingo kwa zaka zambiri, ndipo nyimbo tinkaphunzitsana ndi solofa, do re mi, kapena kungoimba mzere anthu n'kubwereza. Kuno ku Nottingham chizolowezicho sindinachisiye. Mwanayu wakula akugwira aluto pamene mayi ake akutsuka mbale, ine ndikuponyera besi ndili pabalaza. Vayolini anaiyambira kusukulu ya pulayimale, pomwe kalasi yonse inapatsidwa zida zobwereka, ndipo khutu lakelo linamunyamula zaka zinayi popanda wozindikira kuti maso atsalira m'mbuyo.

Mayeso amene ndikunenawa ndi a bungwe la ABRSM la ku London, lomwe lakhala likuyesa oimba kuyambira 1889. Masitepe ake akuluakulu ndi Giredi 1 mpaka 8. Mwana akalowa m'chipinda amaimba nyimbo zitatu, imodzi kuchokera pa mndandanda A, ina B, ina C, iliyonse malikisi 30. Kenako masikelo, kukwera ndi kutsika manoti motsatana ngati do re mi, malikisi 21, oimba pamtima. Kuwerenga nyimbo yachilendo pomwepo, komwe iwo amati sight-reading, nakonso 21. Mayeso a khutu, 18. Zonse pamodzi 150. Ukapeza 100 wakhoza, 120 ndi Merit, 130 ndi Distinction. Chomwe makolo ambiri sitidziwa n'chakuti safuna kuti ukhoze gawo lililonse. Amangowonkhetsa. Ndi m'mene wanga ankapulumukira: kugwa pa kuwerenga, kukabweza pa nyimbo ndi pakhutu, ife kunyumba n'kumawomba m'manja osayang'ana bwino pepala la malikisi.

Pa Giredi 6 pali mpanda. Sungalembetse usanakhoze Giredi 5 ya theory, mayeso olemba a malamulo ndi kalembedwe ka nyimbo, kapena mayeso ena ochepa omwe amawalola m'malo mwake. Apa ndi pomwe ana ambiri amasiyira, ndipo nafenso tinatsala pang'ono kukhota. Njira zozembera zinalipo ziwiri, zonse zachilungamo. Bungwe la Trinity College London limayesanso magiredi mpaka 8 ndipo silifuna theory poyamba. Komanso ABRSM yomweyo, kuyambira 2020 nthawi ya Covid, ili ndi mayeso otchedwa Performance Grades: umajambula vidiyo ya nyimbo zinayi mosadukiza n'kutumiza, kulibe masikelo, kulibe kuwerenga, kulibe za khutu. Theory yokha ndiye amaifunabe. Nditamva za vidiyozo mtima unagwa m'malo. Ndinati basi, tapeza khomo.

Mayi ake ndi amene anakana. "Inu abambo, mwanayu akufuna okesitala. Kumeneko adzamujambula vidiyo? Adzangomupatsa pepala, enawo n'kuyamba." Aphunzitsi anagwirizana nawo. Sindikunyoza njira ya vidiyo, kwa mwana wamantha kwambiri kapena wokhala kutali ndi malo a mayeso ndi yabwino zedi. Koma kwa wathuyu kukanakhala kuvundikira chilonda ndi nsalu yokongola.

Tinayamba ndi theory, miyezi isanu. Ndinagula mabuku a mafunso akale ndipo ndinaganiza zophunzira naye limodzi, poti ndinkachita manyazi kuti mtsogoleri wa kwaya mizere isanu yolembapo manoti ija ndimangoiona ngati waya wa magetsi wokhala ndi mbalame. Madzulo ndikaweruka tinkakhala patebulo la kukhitchini. Muli zinthu mmenemo. Zizindikiro zoyambira mzere si ziwiri zokha ayi, pali treble, bass, alto ndi tenor, ndipo noti imodzimodziyo imasintha malo malinga ndi chizindikiro. Pali kusamutsa nyimbo kuti igwirizane ndi zida ngati clarinet ya B flat kapena horn ya F, zomwe zimalira mosiyana ndi zolembedwa. Pali mawu a Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa oloweza, omwe tinawalemba pa timapepala n'kumata pa fuliji, mpaka mng'ono wake wa zaka zisanu ndi chimodzi anayamba kundiuza kuti ndizidya nsima langsam, kutanthauza pang'onopang'ono m'Chijeremani.

Pamene ndinathandiza zenizeni ndi pa makodi, manoti olira pamodzi, ndi mathero a mizere. Buku limati perfect cadence, imperfect cadence, plagal cadence, mwana n'kungoti kakasi. Ndinamuuza kuti atseke bukulo. Ndinaimba besi, so kutsikira ku do. "Yatha kapena sinathe?" Yatha. Ndinaimba mzere n'kuima pa so. "Sinathe, adadi, ikufunsa funso." Kenako fa kupita ku do. Anaseka. "Imeneyo ndi Ameni!" Zinthu zomwe wakhala akuzimva Lamulungu lililonse, zinangosowa mayina.

Theory ya Giredi 5 masiku ano imalembedwa pa kompyuta kunyumba. Umaonetsa chiphaso ku kamera, umazungulitsa kamerayo chipinda chonse kuti aone kuti mulibe buku kapena munthu, ndiye uli ndi maola awiri. Tinachotsa timapepala tonse ta pa fuliji, mafoni tinatulutsa, ine n'kukhala pamasitepe kulondera mng'ono wakeyo kuti asagogode. Malikisi ake ndi 75, kukhoza ndi 50. Anapeza 58.

Kulembetsa Giredi 6 anatichitira ndi aphunzitsi pa intaneti, ngakhale kholo likhozanso kulembetsa lokha. Kuno mayeso a m'chipinda amachitika nyengo zitatu pachaka, ndipo ife tinasankha ya kumapeto kwa chaka. Ndalama siziima pa fizi ya mayeso yokha. Buku la nyimbo liyenera kukhala lenileni, osati lofotokopa. Nsambo tinasintha zonse zinayi patatsala mwezi, chifukwa zatsopano zimatenga masiku kuti zikhazikike. Ndiye pali woimba piyano womuperekeza, amene umamulipira pa tsikulo komanso pokonzekera. Ife tinakwanitsa maulendo awiri okha okonzekera, ndipo ndikanakhala ndi ndalama ndikanawonjezera lachitatu, chifukwa ulendo woyamba wonse unathera pa kuzolowera kuti pali munthu wina amene sakudikira ukachedwa.

Kuwerenga kuja tinakuchita motere. Mphindi zisanu m'mawa uliwonse asanakwere basi, nyimbo yatsopano tsiku lililonse, yosavuta kuposa msinkhu wake. Tinayambira buku la Giredi 2, zomwe zinamupweteka mtima kwambiri. Lamulo la aphunzitsi linali limodzi: osaima. Ukaphonya noti, isiye, pitirira, kugunda kwa nyimbo kusafe. Pamayeso amakupatsa theka la mphindi loti uyang'ane, ndipo anamuphunzitsa kuligwiritsa ntchito poona kiyi, kawerengedwe ka nthawi ndi malo ovuta, m'malo mothamangira noti yoyamba. Ine anandiletsa chinthu chimodzi: kung'ung'udza. Ndinali ndi chizolowezi choti ndikaona wasochera ndimamuimbira chapansipansi, khutu lija n'kudzukanso. Tsiku lina anaika uta pansi. "Adadi, mukundiwonongera. Pitani mukapange tiyi." Ndinapita.

Masikelo sindinena zambiri. Ndi ntchito yotopetsa ngati kupalira, ndipo anansi athu a khoma limodzi ndi anthu opirira.

Tsikulo kunazizira koopsa. Mayeso anali mu holo ya tchalitchi china, ndipo tinafika patatsala mphindi 30. Pakhomo pamakhala munthu wolandira, amayang'ana dzina pa mndandanda n'kukulozerani pokhala. Ana ena anayi anali phee, wina atakumbatira chitoliro, mayi ake akumukonza kolala kachitatu. Wanga atatsegula bokosi la vayolini nkhope inasintha. Kuchoka m'galimoto yozizira kulowa m'chipinda chotentha, kamtengo komangira nsambo ya A kanali katamasuka, nsamboyo ili lendelende. Mpaka Giredi 5 mphunzitsi kapena wa piyano amaloledwa kumuchunira mwana. Kuyambira Giredi 6 amachuna yekha. Manja anga anayabwa, koma vayolini sindiidziwa, ndipo ndikanangodula nsamboyo. Anakhala pansi, anaika chidacho pamwendo, n'kuyamba kupotokola pang'onopang'ono uku akukankhira kamtengoko mkati monga anamuphunzitsira. Chinthu chokha chomwe ndinachita ndi kumupatsa noti ya A, la wathu wa solofa, ndi pakamwa, chapansipansi, ndipo ulendo uno sanandithamangitse. Atalowa anakamalizitsa ndi A wa piyano.

Makolo salowa. Ndinatsala pampando wapulasitiki, ndikumva zapatalipatali kudzera pa zitseko ziwiri. Zotsatirazi anandifotokozera yekha m'galimoto. Woyesayo anali bambo wachikulire waulemu, atakhala patebulo n'kumalemba, ndipo anamufunsa chomwe akufuna kuyambira, poti mwana amasankha yekha dongosolo. Anayamba ndi nyimbo kuti wa piyano amasuke n'kutuluka. Yoyamba, yachikale ya nthawi ya Baroque, inayenda. Yachiwiri, yodekha ija, uta unanjenjemera pa noti yaitali yoyambirira. Masikelo anaphonya imodzi n'kuyambiranso. Pa kuwerenga, akuti pakati anasochera kwa timagawo tiwiri tathunthu ta mzere, zala zikungoyendayenda, koma phazi m'nsapato likugundabe, ndipo anakatulukira kumapeto pa noti yoyenera limodzi ndi nthawi. Za khutu woyesa amakhala pa piyano: amaimba mzere wa mawu awiri kuti ubwereze wapamwamba, amakupatsa pepala kuti uimbe ndi pakamwa iye akukuperekeza, amakufunsa ngati mathero ndi perfect kapena imperfect, kenako mafunso pa kanyimbo komwe waimba. "Pamenepo ndinali kwathu," anatero. Zonsezi mphindi pafupifupi 20. Chaka chathunthu cha m'mawa ndi madzulo, n'kuthera nthawi yosakwana kuphika nyemba.

Zotsatira zinabwera pa intaneti patapita masiku angapo, ndili kuntchito. Nyimbo 26, 24 ndi 25. Masikelo 16. Khutu 17 pa 18. Kuwerenga 13 pa 21, pamene kukhoza gawo limenelo ndi 14. Zonse 121. Merit, yodutsa ndi likisi imodzi yokha pamwamba pa mzere. Ndinawerenga kawiri ndili m'kachipinda kosinthira zovala. Pansi pa gawo lililonse woyesa amalemba ndemanga, ndipo ine ndimaona kuti ndemangazo n'zofunika kuposa manambala, ngakhale ana sazifuna. Pa kuwerenga analemba zomwe tinkazidziwa, kuti manoti angapo anasokonekera koma liwiro linasungidwa mpaka kumapeto. Mwanayo anakwiya ndi 13 ameneyo madzulo onse. Aphunzitsi atamva anati pa Giredi 5 anapeza zochepa kuposa pamenepo pa pepala losavuta, ndiye asawasokose.

Anzanga ena amafunsa kuti pepala limeneli limadyetsa chiyani. Kuno Giredi 6 mpaka 8 zimapereka mapointi a UCAS polowera ku yunivesite, ndipo Merit ya Giredi 6 ndi mapointi 10. Si ambiri. Ntchito yake yeniyeni ndi yakuti magulu a achinyamata amayezera pamenepo msinkhu wa amene akufuna kulowa. National Youth Orchestra, okesitala ya achinyamata ya dziko lonse la Britain yomwe inayamba mu 1948, imayembekezera kaimbidwe ka Giredi 8 ya Distinction, ndipo ngakhale pamenepo amafuna akumve ndi makutu awo. Mumzinda muno aliyense amadziwa banja la Kanneh-Mason, ana asanu ndi awiri oimba onse, omwe mmodzi wa iwo, Sheku, anapambana mpikisano wa BBC Young Musician mu 2016 ndi cello, woyamba wachikuda kutero. Anthu amakonda kunena za mphatso yawo. Ine ndimaganizira makolo awo, ndi Loweruka lililonse lomwe ankadzuka usikusiku kuti ana akafike ku Royal Academy of Music ku London. Ife zimenezo sitingazikwanitse, ndipo sindinamunamize mwanayo.

Chomwe takwanitsa ndi okesitala ya achinyamata ya m'dera lathu, Loweruka m'mawa. Anamuika ku ma vayolini achiwiri, mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Tsiku loyamba anawagawira mapepala asanu ndi limodzi omwe palibe anali atawaonapo, wotsogolera n'kukweza ndodo. Ndinaima pawindo ndikuyang'ana uta wake. Nthawi zina unkakwera pamene ya anzake ikutsika, koma sunaime.

Madzulo ake tinatumiza kavidiyo kwa agogo ake ku Zomba pa WhatsApp. Yankho linabwera la mawu, lalitali, nkhuku zikulira kumbuyo. Anayamikira diresi, anayamikira kuti mdzukulu wakula, kenako anafunsa kuti, "Nanga nyimboyo mawu ake ayamba liti?"