Pamzere wa petulo, ine ndi madala a minibasi

Mawu a madala aja sakundichoka m'mutu. Ndinafika pamzere wa petulo kusanache, ndipo kutsogolo kwanga kunali minibasi yoyenda pakati pa Blantyre ndi Ntcheu. Dalaivala wake, bambo wa imvi, anali atagona momwemo, chitenje chili pamapewa. Dzuwa litakwera tinakhala tonse m'mphepete mwa ngalande tikudya chinangwa chophika, wailesi yawo ikuulutsa msonkhano wa kampeni. Wolankhulayo amalonjeza kuti akangowina chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 atsitsa mtengo wa mafuta, komanso amanga misewu ya phula mpaka kumidzi.

"Uyu ndiye wanga," anatero madala.

Ndinawafunsa kuti, "Madala, nanga ndalama ya phulayo ichokera kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Iwe mwana wanga, ine pa Chingeni ndimalipira popita ndi pobwera, kuyambira 2021 pomwe anatsegula geti yolipiritsa galimoto ija. Taona tayala ili." Anandikokera ku gudumu lakumbuyo, n'kuloza chotupa chachikulu ngati nkhonya m'mbali mwake. Dzenje limodzi lokha, usiku, mvula itabisa. Ndinachigwira ndi dzanja, chinali chofewa moti mtima unandigunda poganiza kuti mawa lomwe mukhala anthu m'galimoto imeneyi.

Ndinayesa kuwafotokozera zomwe ndikudziwa. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pamakhala kamsonkho ka misewu, komwe kamayenera kupita ku Roads Fund Administration, bungwe losunga ndalama za misewu, kuti Roads Authority, yoyang'anira misewuyo, ipeze zokwirira maenje. Koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA linaika petulo pa K2,530 ndipo mtengowo unangoima pomwepo mpaka nthawi ya kampeniyo, pamene madola ogulira mafuta kunja ankasowa. Oitanitsa mafuta akamagulitsa motsika kuposa mmene agulira, amagwira ndalama za misonkho ija kuti atsekere dzenje lawo. Ndiye msewu umangokhala osaona kanthu. Mafuta otchipawo tinkawalipira ndi matayala, ndi tulo ta pamzere, ndi zigubu za mavenda zomwe mtengo wake unkakhala wowirikiza.

Madala anapukusa mutu. "Ukufuna mafuta akwere? Akakwera, ufa ukwera, sopo akwera, wokwera minibasi ayamba kuyenda wapansi. Inu ophunzira mumawerengera pa pepala. Ine ndimawerengera ana asanu ndi mmodzi."

Apa ndinasowa chonena, chifukwa sananame. Ndipo kukayika kwawo ndikukumvetsa. Munthu wapereka msonkho zaka zonsezi koma akuzembabe maenje omwewo, ungamuuze bwanji kuti apereke zochuluka?

Komabe chikundiwawa. Ndinamvetsera misonkhano yambiri mwezi umenewo, ndipo ndinkangodikira mmodzi yekha woti aimirire n'kunena poyera kuti mafuta otchipa ndi misewu yabwino sizingatheke zonse nthawi imodzi, asankha ichi, ndalama yake ichokera apa. Ameneyo ndingamukhulupirire ngakhale pa nkhani ya feteleza ndi ngongole za dziko. Wolonjeza zonse ziwiri, kaya masamu ake ndi olakwika kaya akudziwa koma akutibisira, zonsezo zimandiopsa.

Thanki inafika cha m'ma 3 koloko. Madala anamwetsa, ine mafuta anathera pa galimoto yachitatu kutsogolo kwanga. Potuluka anatsitsa galasi n'kukuwa kuti, "Tikaonana ku voti, mwana wanga!" Ndinangoyang'ana tayala lija likugudubuzika kulowa mumsewu, chotupa chija chikuonekera n'kubisika. Mpaka pano ndikudzifunsa ngati akafika nalo ku Ntcheu.