Manda a Benjamin Franklin: mwala ndi ngongole zili pa pepala limodzi

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake manda a munthu wamkulu ngati Benjamin Franklin ali osaoneka bwino chonchi, ndipo mtima wakhala pansi. Zoti anasaina chikalata cha ufulu wa America mu 1776, pangano la Paris mu 1783 ndi malamulo oyendetsera dziko mu 1787 tonse tinaloweza, sindibwerezanso. Chimene chinanditsegula maso ndi chikalata chimene anawonjezera pa wilu yake mu June 1789, patatsala miyezi khumi kuti amwalire.

M'chikalatacho analamula yekha za chiliza chake: mwala wa marble wotalika mapazi 6, m'lifupi mapazi 4, wopanda zokongoletsa kupatula kamzere kozungulira m'mphepete, wolembedwa maina a iye ndi mkazi wake Deborah, ndi chaka basi. Ndi mmene ulili mpaka lero ku Christ Church Burial Ground, pamphambano ya 5th Street ndi Arch Street mumzinda wa Philadelphia. Palibe udindo uliwonse, ngakhale chizindikiro cha gulu la Freemason, chikhalirecho munthuyu analowa gululi mu 1731, nakhala Grand Master (mtsogoleri wamkulu wa gululi) wa chigawo cha Pennsylvania mu 1734, ndipo mu 1779 anatsogolera loji (nthambi ya gululi) ya Les Neuf Sœurs ku Paris. Mawu otchuka aja oti alembedwe pamanda ake, ofanizira mtembo wake ndi chikuto cha buku lakale anawalemba ali mnyamata, ndipo sali pamwalawo. Ambiri amasokoneza pamenepa.

Koma ukapitiriza kuwerenga pepala lomwelo, upeza chiliza chenicheni. Anapereka mapaundi 1,000 ku Boston, kumene anabadwira mu 1706, ndi ena 1,000 ku Philadelphia, ndalama zochokera ku malipiro ake monga mtsogoleri wa Pennsylvania. Sizinali zogawa. Zinali zobwereketsa kwa amisiri achinyamata okwatira, osakwana zaka 25, amene anamaliza kuphunzira ntchito pansi pa mmisiri wamkulu. Aliyense atenge pakati pa mapaundi 15 ndi 60, akhale ndi anthu awiri odalirika omuimira, ndipo chaka chilichonse abweze gawo limodzi mwa magawo khumi a ngongoleyo pamodzi ndi chiwongoladzanja cha 5 peresenti. Zobwezedwazo zibwerekedwenso kwa ena nthawi yomweyo. Iye mwini anayamba ntchito yosindikiza mabuku ndi ngongole ya anzake awiri, ndipo anazinena m'chikalatamo.

Apa ndi pamene cholembera chimaposa buku lililonse la mbiri. Njira yachidule yodziwira zaka zimene ndalama zimawirikiza kawiri ndi kugawa 72 ndi peresenti ya chiwongoladzanja. Gawani 72 ndi 5, mupeza kuti ndalama zikuwirikiza kawiri pa zaka 14 ndi miyezi ingapo. M'zaka 100 ndiye kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri: 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128. Franklin anawerengera mapaundi 131,000 pa mzinda uliwonse. Anati 100,000 zigwire ntchito zotukula mzinda, 31,000 zotsalazo zipitirire kubwerekedwa kwa zaka zina 100, zikafike pa mapaundi opitirira 4 miliyoni. Ine ndikuti wophunzira mbiri aliyense azitenga chikalata chenicheni n'kuwerengera yekha manambala ake. Sindikuona njira ina yoposa iyi.

Masamuwo sanayende monga anafunira, ndipo chifukwa chake chimaoneka ukangowerengera. Kuti 5 peresenti ibereke chonchi, khobidi lililonse liyenera kukhala m'manja mwa wobwereka chaka chilichonse. Ena analephera kubweza, omuimira anayamba kusowa, ndipo mafakitale atachuluka mwambo wophunzira ntchito kwa mmisiri unazilala, motero oyenerera ngongoleyo anachepa. Ndalama yogona siibala. Pofika 1990, Philadelphia inali ndi madola pafupifupi 2 miliyoni, Boston yoposa kawiri pamenepo. Komabe gawo la Boston la zaka 100 zoyamba, pamodzi ndi thandizo la munthu wachuma Andrew Carnegie, linatsegula sukulu ya ntchito zamanja ya Franklin Union mu 1908.

Chimene chimandiwawa ndi momwe nkhaniyi imaphunzitsidwira. Mphindi zonse zimathera pa kafukufuku wake wa magetsi wa kaiti ndi mphezi, kenaka zaka zoloweza, teremu yatha. Wilu satchulidwa n'komwe. Alendo nawo amangoponya timakobidi pamwalawo kudzera pa mpanda wachitsulo umene unaikidwa mu 1858 kuti odutsa aziona manda. Timakobidito timakumba timaenje pa marble, ndipo mwalawo, umene unalinso ndi mng'alu, unachita kukonzedwa mu 2017.

Pamene sindinakhazikike maganizo ndi pa mbali ya loji. N'zokopa kunena kuti mtima wothandizana uwu anauphunzira kwa abale ake a Freemason. Koma kagulu kake ka Junto, ka amisiri okumana Lachisanu madzulo kukambirana ndi kutukulana, anakayambitsa mu 1727, asanalowe loji. Ndiye kodi loji inamuumba, kapena iye anapita nazo kale zimenezi n'kungopezako anthu oganiza mofanana? Ndikupendekera ku lachiwirili, koma ndikakumbukira zaka zonse zimene anakhala m'gululi, ku Philadelphia mpaka ku Paris, ndimabwereranso pakati.