Tulo, nsima ndi mabuku pamene mayeso ayandikira

Wophunzira wa pa koleji ku Chipata, kaya ndi wa zauphunzitsi, zaunamwino kapena ntchito zamanja, mayeso akayandikira amayamba kudula tulo, kenako chakudya. Chomvetsa chisoni n'chakuti ziwirizi ndi zimene zimathandiza mutu kusunga zomwe wawerenga.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Zomwe mwawerenga madzulo ubongo umazikhazika bwino muli mtulo. N'chifukwa chake wochezera usiku wonse amatha kulizindikira funso pa pepala koma yankho osabwera. Ngati kalasi imayamba 08:00, gonani 22:00, dzukani 05:00, ndipo ola loyamba muwerenge phunziro limene limakuvutani kwambiri. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zikhale za m'mawa. Theka la caffeine, chinthu cha m'zakumwazi chimene chimathawitsa tulo, limakhala likadali m'thupi patatha maola pafupifupi 5, choncho kapu yomwedwa 18:00 imakhala ikugwirabe ntchito mukamakagona. Tulo tikakugwirani masana, gonani mphindi 20 zokha. Mukapitirira mudzuka mutu uli wolemera.

Magetsi akamathimathima ngati mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, mabuku werengani kukuwala. Mdima muusiyire kufunsana mafunso pakamwa ndi mnzanu, njira imene imaposa kubwereza manotsi ndi maso.

Pa chakudya, vuto lalikulu kawirikawiri ndi nthawi yophikira. Nyemba ziviikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa tayani madziwo ndi kuthira ena; zimapsa msanga ndipo makala amapita ochepa. Popanda firiji, nyemba zophika musazisunge kufikira tsiku lotsatira, makamaka kutentha kwa mu Okutobala, ndipo zamasana muziwiritsenso mpaka zibwate musanadye madzulo. Mukapita ku msika wa Kapata kapena wa Saturday Market, gulani zosaonongeka msanga zokwanira sabata yonse: kapenta, nsinjiro, soya, mbatata. Masamba okha, mnkhwani kapena repu, muzigula a masiku awiri.

M'mawa phala la mgaiwa lothira masupuni awiri a chiponde limakufikitsani masana. Vitumbuwa ndi tiyi wa shuga wambiri zimakoma, koma njala imabwerera kalasi yachiwiri isanathe. Masana chepetsani mitanda ya nsima, chulukitsani ndiwo, kuti musawodzere m'kalasi. Tiyi musamwere pamodzi ndi chakudya, dikirani ola limodzi, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Izi alongo athu azisamale kwambiri, poti amataya magazi mwezi ndi mwezi. Kutopa kosatha ndi chizungulire nthawi zina si ulesi ayi, ndi kuchepa kwa magazi, ndipo ku kiliniki amapima.

M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, musagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umayamba ndi mutu wopweteka ndipo umapha munthu ali mtulo.

Mvula ikayamba mu Novembala, neti ikhale yopachika usiku uliwonse. Thupi likatentha, musangomeza Panado n'kubwerera ku mabuku. Kupimitsa malungo kumatenga mphindi pafupifupi 20. Mukapatsidwa Coartem, imwani kawiri pa tsiku kwa masiku 3, mutadya chakudya cha mafuta pang'ono kapena mutamwa mkaka, ndipo mutsirize onse ngakhale mutamva bwino tsiku lachiwiri.