Katemera anali mu furiji, mwana ali kumudzi

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse pa chipatala chathu: sikelo, mzere wa amayi mpaka panja, kubaya penta (katemera woteteza ku matenda asanu) pantchafu, madontho a polio ndi rota (wa matenda otsegula m'mimba), kulemba m'mabuku mpaka dzanja kuwawa.

Lachitatu kunabwera mayi wina wa kumidzi ya kunja kwa tauni ya Blantyre, mwana wa miyezi inayi ali kumsana. Atangomumasula, mwanayo anayamba kutsokomola mosalekeza, nkhope kufiira, milomo kuda, kenako zii, osapuma. Tonse tinaimirira. Mpweya utabwerera anasanza mkaka wonse pachitenje cha mayi ake. Anzanga mukudziwa kuti chifuwa chokoka mtima kwa khanda lotere nthawi zambiri sichimveka kukoka kuja, mwana amangoleka kupuma. Tinamuika pa oxygen n'kumutumiza ku chipatala chachikulu cha Queens.

Nditatsegula buku lake ndinapeza BCG (katemera wa TB) ndi polio wa pobadwa basi. Penta wa masabata 6, 10 ndi 14, malo onse atatu opanda kanthu. Mnzathu wina anayamba kale kukalipa: "Mayi, nthawi yonseyi mumatani?" Mayiyo anayankha motsitsa kuti tsiku la sikelo ya kwawo anapita, nakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka, ife osafika. Mwezi wotsatira chimodzimodzi.

Sananame. Outreach imeneyo, ulendo wathu wokapereka katemera kumudzi, inalephereka chifukwa njinga yamoto inalibe mafuta. Koma galimoto yopita ku workshop mafuta ake sasowa! Penta tili naye m'dziko muno kuyambira 2002, waulere, woteteza ku diphtheria, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, hepatitis B ndi Hib (kachilombo koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi). Anali mu furiji yathu, pakati pa madigiri 2 ndi 8, tikumuyang'anira m'mawa ndi madzulo, mwana womufuna ali kumudzi. Mwezi ukatha akuluakulu adzafunsa chifukwa chake chiwerengero cha ana olandira penta wachitatu chatsika, ndipo mu lipoti mayi uja adzatchedwa defaulter, wothawa katemera. Zimenezi ndi zomwe zikundiwawa.

Lachisanu ine ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lija tinasonkha ya kabaza, kupita kumudzi kuja, vaccine carrier (bokosi lonyamulira katemera) pamiyendo. Amayi anabwera ambiri, ena ndi makanda omwe sanabayitsepo penta ngakhale kamodzi. Amfumu anangotifunsa kuti, "Mwezi wamawa mubweranso?" Pamsonkhano wa Lolemba ndikakana kusaina ndandanda ya outreach yomwe mafuta ake sanalembedwe.